Chule ndi Mlandu wa Mchira

Panangokhala, kalelo madambo asanaume, Chule analembedwa m'timu ya ligi yaikulu. Tsiku loyamba, Kakowa woyimbira mpira anamuimitsa pamzere.

"Achimwene, simusewera. Muli mbululu kusukulu ya m'chithaphwi munkagoletsa ndi mchira, chonsecho malamulo ankaletsa."

Chule anakumbuka madzi ofunda aja, anzake akukuwa dzina lake, mtima unamuwawa.

"Zoona, bwana, koma wolakwa ndi mchirawo. Langani umenewo."

Chule anatembenuka. Kumbuyoko kunali see, kopanda kanthu. Kakowa anasuzumira, nkukanda mutu.

"Chabwino. Mchirawo tauletsa mpira moyo wake wonse. Inuyo lowani."

Chule analowa akudumpha monyadira. Mvula inabwera, inapita, inabweranso, chigoli osaoneka. Paja katswiri weniweni anali mchira uja.