Thunthu la Nthochi

Pa sikirini, mayi wa ku Japan ankafukula matope ndi manja. Dziko linali litatha, mzinda wonse utakwiririka, koma iye ankasakabe mwana wake.

Mwayiwathu anasiya kutafuna. Gemma, namwino mnzake amene anamukokera kukanema ku Greenwich masanawo, ankapukuta misozi, dzanja lina lili m'mbuliwuli.

"Anthu a ku Japan amatha," Gemma ananong'ona m'Chingerezi. "Kutha kwa dziko amakukongoletsa. Aka n'kachitatu kuionera filimuyi."

Mayi uja anasolola kamkono m'matope. Mwanayo anatsokomola. Holo yonse inapumira m'mwamba.

Kwawo ku Chilobwe, phiri litagumuka ndi namondwe Freddy, achimwene ake a Mwayiwathu anakumba masabata awiri. Amayi awo sanapezeke. M'bokosi anagonekamo thunthu la nthochi, atalikulunga m'chitenje chawo chakutchalitchi. Mwayiwathu maliro anawaonera pafoni, ali chilili m'kachipinda kosungira mankhwala kuntchito.

Magetsi atayaka, anthu anawomba m'manja n'kuyamba kufunafuna majekete awo.

"Ndiye pakusangalatsa kwambiri ndi pati?" Gemma anafunsa.

Mwayiwathu anayang'ana sikirini, yomwe tsopano inali mbee.

"Paja anamupeza paja," anatero.