Mafunde a m'Beseni

"Funde likabwerera, mchenga umatsala phee pomwe lautula. Gombe limakula choncho. Ndinaimapo pagombe la nyanja ku Beira, ndinaona ndi maso angawa."

Aphunzitsi Denilson anapendeketsa beseni, madzi n'kukankhira m'mbali mchenga umene anatapa mu mtsinje wa Revúbuè m'mawa. Ana a ku Moatize anasuzumiramo, akukankhana.

Sumaia, mwana wa mwini sitolo amene anasamukira kuno chaka chatha kuchokera ku Angoche, m'mphepete mwa nyanja, anakweza dzanja.

"Sutsala wonse, aphunzitsi. Madzi pobwerera amakumba pansi pa zidendene, umangomva ukutitimira. Ngakhale khonde la agogo anga linapita choncho."

Denilson anayang'ana m'beseni. Zaka zinayi za kuyunivesite anazithera ku Tete konkuno, kutali ndi nyanja. Pa mayeso a za mafunde anaposa anzake onse, koma Beira yake inali chithunzi cha pakalendala ya kuchipinda kwake. Madzi ankadontha m'zala zake, ndipo ana makumi asanu ankadikira.

"Zimatengera gombe lake," anatero chapansipansi.

Sumaia sanaseke. Anakwinya nkhope ngati akufuna kuwathandiza aphunzitsiwo, kenaka anayang'ana kumapazi kwawo.

"Kodi aphunzitsi, ku Beira kuja nsapato munavula?"