Galimoto Yotsitsa ya Sunganani

Khwee! Galimoto ya Sunganani inakwera pamsana wa msewu wa ku Kaluluma n'kukakamira pomwepo, matayala akungozungulira.

Mnyamatayu Loweruka lililonse ankakhalira kuiseweretsa galimotoyi. Anaiika tabo yaikulu yowonjezera liwiro, ekizozi yolira ngati bingu, kenako n'kuitsitsa mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza pansi. Tsikuli amakaonekera koyamba kwa makolo a Lefina, bwenzi lake.

"Ndinakuuzanitu kuti kwathu kulibe tala," anatero Lefina.

Sunganani anakwawira kunsi kwa galimotoyo, miyendo yokha ili panja. "Msewu wanji umenewu? Anthu akuno amangodziwa fodya basi! Bambo akowo sangagwire khasu n'kusalaza pano?"

"Khasulo ndili nalo, bambo," anayankha mawu ena odekha.

Atasuzumira, anaona ziboda za ng'ombe ziwiri, matayala a ngolo, ndi Lefina atagwada m'fumbi akupereka moni kwa bambo ake. Sunganani analakalaka galimotoyo itangomugwera.

"Tulukaniko, timange chingwe," anatero mkuluyo.

Analowa m'mudzi akukokedwa ndi ng'ombe, iye ali pachiwongolero, ataweramitsa mutu. Achibale onse amene anamva kuti mlendo akubwera pa galimoto youluka anali atadzaza pabwalo.

Mayi a Lefina anaizungulira galimotoyo akuisisita, kenako anakodola mwana wawo.

"Ndi yokongolatu, ndipo imayenda mwaulemu. Koma uwauze alendowa kuti pobwerera alawirire. Ng'ombezi mawa masana zikatuta fodya."