Chipewa Choiwalika Paphiri

Tsiku lonse namwino wina ndi mlamu wake anazungulira kamudzi kakale ka pamwamba pa phiri, akuseka mpaka nthiti kuwawa. Chinawakomera kwambiri chinali khoma logumuka la kumapeto: ukafuulira pamenepo, phiri linkakubwezera mawu ako.

"Alamu anga ndi aulesi!" anafuula namwinoyo.

"Aulesi!" phiri linavomereza.

Kutayamba kuda, ali pakati potsika, namwinoyo anagwira kumutu.

"Chipewa changa, alamu! Dikirani pompano."

Anachipeza pakhoma pomwe paja. Mtima uli mbee, anakoka mpweya kuti atsanzike phirilo.

Asanatsegule n'komwe pakamwa, mawu akeake anamveka kumunsi kwa njira, akuseka:

"Ndachipeza, alamu! Tiyeni tizipita!"

Tochi ya mlamu wake inatembenuka, n'kuyamba kutsika.