Pulasitala Wathu Yemweyu

"Manga msanga, iwe," anatero bwana, magazi akuchucha pachikhatho chimene makina anang'amba.

Woyendetsa makinawo anatenga pulasitala wopangidwa pafakitale pomwepo, kapulasitiki kopyapyala koyenera kukhala ndi timadontho ta siliva tosaoneka ndi maso, topha tizilombo pabala. Koma bwanayu analamula kalekale kuti silivayo azithira wochepa. Mlongo wa woyendetsa makinayo anamwalira bala litaola pansi pa pulasitala wotereyu.

"Wathuyu ayi," bwana ananong'ona. "Katenge wakunja, ali m'kabati mwanga."

Woyendetsa makinayo anamata wapafakitale yemweyo, n'kusalaza m'mbali mofatsa ngati mmene ankachitira pamwendo wa mlongo wake.

"Musaope, bwana. Paja pamaliro munati pulasitalayu alibe vuto."