Injini Yatsopano m'Galimoto ya Bambo

Amayi anavula nsapato n'kuika manja kumbuyo kwa galimoto yofiira ya malemu bambo, ija ya mipando iwiri yopanda denga.

"Ika giya yachiwiri," anandiuza ine ndili pachiwongolero. "Ndikakuwa, usiye kilachi."

Ndi mmene ankailizira ndi bambo. Galimotoyi sinkalira yokha. Amayi ankakankha, bambo akutukwana pachiwongolero, mpaka itatsokomola utsi wakuda. Kenako amayi ankaithamangira n'kudumphiramo akuseka.

"Amayi, siikufunikanso kukankha," ndinatero.

Ndinangopotokola kiyi kamodzi. Injini yatsopano, imene amakaniko anachotsa m'galimoto yamakono, inalira pompo, motsitsa ngati firiji.

Amayi sanachotse manja. Anapendeketsa mutu kumvetsera.

"Yalira kale?"

"Eya. Ndimafuna ndikusangalatseni. Pano ikuthamanga koopsa."

Anabwera kutsogolo n'kundiuza kuti nditsegule boneti. Munali chivundikiro chakuda chapulasitiki, chonyezimira, chopanda ndi dontho lomwe la oilo. Waya wa hang'ala uja bambo anamangira paipi ya madzi munalibenso.

"Yakale ija waiika pati? Ndikufuna ndiione."

Maso anga anagwera pakona ya garaja, pomwe panangotsala banga la oilo. Ogula zitsulo zakutha anaikweza pangolo dzulo lake, ine ndemwe ndikuwathandiza kunyamula.

Amayi anayang'ana bangalo, kenako anayang'ana ine. Anawerama n'kuvala nsapato zawo pang'onopang'ono.

"Zimitsa," anatero. "Ukungotha mafuta."