Mayi wa Ambulera

A Ignasio anatsika minibasi pa Dedza atavala chipewa cha mlaza, magalasi akuda ndi kamera yobwereka yomwe sankadziwa n'komwe podina pake. Unali mwezi wa Juni, nkhungu itakuta phiri lonse, moti magalasiwo ankangowawonjezera mdima. Koma iwo anabwera kudzachita ukazitape, ndipo kazitape savula magalasi chifukwa cha nyengo.

Nkhani yake inali yotere. Tiwonge, mwana wa mlongo wawo, anapeza mnyamata wa pa boma pomwepo, dzina lake Levison, amene ntchito yake inali kuperekeza alendo kokaona malo. Kumudzi ku Mayani aliyense anali atamukonda kale. Chinatsala ndi mawu a malume, ndipo malumewo, atakhalitsa ku Blantyre, sankakhulupirira mnyamata aliyense woseka msanga. Anaganiza zokamuyesa okha iye asakudziwa. Akapezeka ndi kachilema, ukwati palibe. Za ulendowu sanauze munthu, ndipo foni anathimitsa kuopa kuti ingawaulule.

Levison sanavute kumupeza. Anyamata a kabaza anangoloza.

“Ndine bambo Gibson, mlendo wochokera ku Limbe,” anatero a Ignasio, mawu atawakulitsa. “Mundionetse tauni yanuyi.”

Mnyamatayo ntchito ankaidziwa, izi ngakhale malume sakanatsutsa. Anayamba nawo kumsika, kumene milu ya mbatatesi ndi kabichi inali mbwee. Ankalonjera amayi ogulitsa mmodzimmodzi, nawonso ankamuyankha ndi dzina. A Ignasio zinawakhumudwitsa ndithu. Munthu wawononga ulendo wonsewu kudzapeza mnyamata wabwino?

Ali mkati mofotokoza za mbatatesi ya ku Bembeke, Levison anaduka mawu. Anavula kapusi, n'kuipinda m'manja, n'kuwakokera alendo ake kuseri kwa matumba a makala. A Ignasio atacheuka anaona mayi wina patali, atafunda chitenje kumutu mpaka pamphuno, jekete lachimuna pamwamba, akugwedeza ambulera m'mwamba kuloza komwe anali iwo.

“Mayi aja ndani?”

Levison anangokanda m'mutu, maso pansi, n'kunena kuti njira yachidule yopita ku nyumba zakale ndi yomweyi.

Mtima wa a Ignasio unayamba kutenthera. Kapusi ija wavula kuti asazindikirike, anaganiza choncho, ndipo kuzizira konse kunawathera.

Ku nyumba zakale za atsamunda, za njerwa zofiira ndi makhonde aatali, Levison anafotokoza za machumuni otulutsira utsi, kuti ngakhale azungu kuzizira kwa Dedza ankakuopa. Anawalonjeza kuti tsiku lina adzawatengera ku Chongoni kukaona zojambula za makolo pa miyala. A Ignasio ankangovomera ndi mutu, kamera atalozetsa kukhoma, maso ali kumsewu. Ndipo posakhalitsa ambulera ija inatulukira pakona, mwini wake akufulumira moti zitenje zinkamukola m'miyendo.

Levison anadumpha ngalande. A Ignasio anadumphanso, bondo likulira, koma sanadandaule. Umboni unali ukuwatsata wokha wapansi.

Pofika m'tsinde mwa phiri, nkhani yonse anali ataimaliza m'mutu. Uyu ndi mkazi wake woyamba. Anamusiya ndi ana, mwina awiri, mwina atatu, womaliza akuyamwa. Mayi wabwinobwino sangathamangitse mwamuna ndi ambulera tauni yonse popanda chifukwa. Anamumvera chisoni Tiwonge, koma chisonicho chinali ndi kakomedwe kake, pakuti anali atadziona kale ali pa mpando ku Mayani, abale onse ali chete, iwo akufotokoza momwe anamugwirira mnyamata amene anapusitsa mudzi wonse.

Njira yokwera phiri inali yopapatiza, mitengo ya paini uku ndi uku, tauni ikuoneka pang'ono pansi pomwe nkhungu inang'ambika. Levison anali akuloza denga la tchalitchi pamene kumbuyo kunamveka chifuwa ndi mapazi. Apa panalibe matumba a makala kapena ngalande. Mnyamatayo anapatuka, n'kulowa m'tchire lonyowa ndi mame, n'kunjuta kuseri kwa mtengo atafulatira njira.

A Ignasio anaona kuti nthawi yawo yakwana. Anavula magalasi pang'onopang'ono, monga anakonzera ali m'minibasi.

“Mnyamata iwe, ine si Gibson ayi. Ndine Ignasio, malume ake a Tiwonge. Zonse ndaziona ndi maso angawa. Ukwati palibe. Tuluka m'tchiremo udzayankhule ndi mkazi wako amene wakhala ukumuthawa chiyambire m'mawa.”

M'tchire timitengo tinkanjenjemera.

Mayi uja anafika ali wefuwefu, n'kutsamira ambulera yake. A Ignasio anakonza kolala, okonzeka kumupepesa m'malo mwa amuna onse a m'dziko muno. Mayiyo anatsitsa chitenje kumaso.

“Achimwene,” anatero ndi mawu osasa ndi chimfine, “ndakuonani mukutsika minibasi ine ndikugula mafuta, foni yanu yosagwira, ndiye mwandikweza phiri ndi chifuwa changachi. Nanga mwana wa eniyu mukumukalipira chiyani? Mumafuna aime panjira maso ndi maso ndi apongozi ake?”

Anali a Anjelina, mayi ake a Tiwonge. Kuseri kwa paini kunamveka kuwomba m'manja kwaulemu, kenaka mawu a Levison, nkhope ikadali kumtengo: “Mwaswera bwanji, amayi?”